Mwatumiza Vicks kunyanja, nanga chenjezo mwasiyira yani?

Pali bodza limodzi limene ife anthu a m'tauni timalikonda kuposa mabodza onse, ndipo bodzalo ndi lakuti umbuli pa nkhani ya mankhwala kwawo n'kumudzi. Tikamva kuti mayi wina wa ku Chia kapena ku Dwambazi wathamangira kwa sing'anga ndi mwana wotentha thupi, timapukusa mitu uku tikuti, "Koma anthu athuwa adzatseguka liti m'maso?" Chabwino. Tsono tatsegulani chikwama cha bwana wopukusa mutu yemweyo, tsiku limene akukwera basi pa depoti ya Lilongwe kupita kwawo ku Nkhotakota. Pansi pa shuga, sopo ndi chitenje cha mayi mupezapo kabotolo ka Vicks, kachitini ka Zam-Buk, mafuta a Ingram's, kachitini kena kofiira kolembedwa Chitchaina chimene ngakhale mwini wakeyo sangawerenge, ndiponso kajumbo ka timibulu toyera tija toika m'sutikesi. Akafika akapereka zonsezi ndi manja awiri, n'kunena mawu atatu okha basi: "Ana akadwala muziwapaka."

Muyeso wake sanena. Msinkhu wa mwana woyenera kupakidwa sanena. Malo opaka ndi malo osapaka sanena. Sing'anga amene timamunyozayo amayesako, amati kapu imodzi m'mawa, ina madzulo, musadye therere. Ife ophunzira timangotula katundu pakhonde n'kubwerera ku ntchito Lolemba, mtima uli mbee kuti tathandiza abale.

Zinthu ndatchulazi, kupatula timibulu tija timene ndifikeko kutsogoloku, zili ndi kanthu kamodzi kofanana m'kati mwake, dzina lake kamfa. Ndiye amene amabweretsa kafungo kolasa m'mphuno kaja, kamene ukangokamva umati apa ndiye pali mankhwala enieni. Kale kamfa ankamutenga ku mtengo waukulu umene umamera ku China, Japan ndi Taiwan. Ankatema mtengowo tizibenthu, kuphika, n'kusonkhanitsa zimene zatuluka ndi nthunzi. Adali malonda a ndalama zedi, mpaka boma la Japan, litalanda chilumba cha Taiwan, lidalamula m'chaka cha 1899 kuti malonda onse a kamfa kumeneko akhale m'manja mwake, pakuti azungu ankamufuna popanga mafilimu ndi zipeso. M'chaka cha 1903 katswiri wa ku Finland, Gustaf Komppa, adakwanitsa kupanga kamfa popanda mtengowo, ndipo lero kamfa wambiri wa m'masitolo amapangidwa kufakitale kuchokera ku utomoni wa mitengo ya paini. Ndanena dala zimenezi kaamba ka azakhali ena a ku Area 47 amene amakonda kunena kuti izi n'zachilengedwe, sizingapweteke munthu. Ngakhale zikadakhala zachilengedwe, kodi mwabvi udachokera kufakitale?

Njira imene fungoli lidafikira m'nyumba zathu ndiyo ikutiuza chifukwa chake timalikhulupirira chonchi. Zam-Buk adayambira ku Leeds ku Mangalande m'chaka cha 1902, koma kumene adamanga mudzi ndi ku South Africa. Mafuta a Ingram's adabadwira ku Johannesburg komweko m'chaka cha 1937. Amuna athu opita ku migodi pa Wenela ankabwera ndi bokosi lachitsulo, m'menemo muli bulangete, jekete, galasi, ndi timachitini timeneti. Bokosi likatsegulidwa pabwalo, fungo loyamba kutuluka lidali limenelo. Mwana amene adakulira pamenepo adaphunzira ndi mphuno kuti ili ndi fungo la ku Joni, fungo la ndalama, fungo la anthu odziwa zinthu. Ndege itagwa ku Francistown m'chaka cha 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu adaimitsa Wenela, koma ulemu wa kachitini sudaime nawo. Mabasi ochokera ku Park Station akubweretsabe katundu yemweyo mpaka lero, ndipo amalandiridwa ndi ulemu womwewo.

Komatu ku Nkhotakota kuli mwambo wina wodziwa kamfa umene ndi wakale kuposa Wenela. Chisilamu chidafika pa Linga ndi Jumbe Salim bin Abdallah cha m'ma 1840, ndipo pa chiphunzitso cha Chisilamu kamfa amathiridwa m'madzi omaliza osambitsira maliro. Aswahili a ku gombe kumene a Jumbe adachokera amamutchula kuti karafuu maiti, dzina limene likunena lokha kuti ntchito yake ndi ya pa mtembo. Taonani mwambo umenewo: uli ndi nthawi yake, muyeso wake, anthu ake oyenera kugwira, ndipo kamfayo amathera kunja kwa thupi. Palibe shehe amene adaphunzitsapo kuti mwana akatsokomola mumwetse madzi amenewo. Kumwa kamfa tidaphunzira ife tokha, a sukulu, m'makitchini athu a magetsi.

Inde, kumwa. Tisanamizane pano ngati kuti sitikudziwa. Ndani mwa inu awerengi amene sadaonepo munthu akutapa Vicks ndi supuni n'kuvundulira mu tiyi kuti chifuwa chithe? Ndani sadaonepo gogo akunyambititsa mwana kachala ka mafutawo, ati kukhosi kutseguke? Ena amapaka m'kati mwa mphuno za khanda, ena pamchombo, ena pachilonda chofiira, ena m'zikope ati tulo tichoke powerenga mayeso. Za amayi amene amalowetsa mafutawa kumalo obisika pofuna kusangalatsa abambo sindinena zambiri, nyuzi ino amawerenga ndi ana omwe; ndingoti khungu la kumeneko likapsa n'kuchita tizilonda, kachilombo kamapeza khomo lotsegula.

Wina anena kuti, iwe, bwanji ukunyoza chinthu chimene chimatithandiza? Ine ndikapaka mphuno zimatseguka. Pepani akulu, sizitseguka. M'chaka cha 1983 a Ronald Eccles ndi anzawo ku Cardiff adayeza nkhani yomweyi. Adanunkhizitsa anthu kamfa, mafuta a bulugamu ndi menthol, n'kuyeza ndi makina ngati njira ya mpweya m'mphuno yakula. Sidakule. Chimene chidasintha n'chakuti anthuwo ankamva ngati mpweya ukulowa bwino, chifukwa zinthu zimenezi zimagogoda mitsempha imene imamva kuzizira ndi kutentha, ubongo n'kumayesa kuti kwadutsa kamphepo. Pa mnofu wowawa ndi chimodzimodzi: khungu likamathetheka, ululu wa m'kati umaiwalika pang'ono. Ndipo ine ndilibe nazo mlandu zimenezo. Msodzi wa ku Sani amene wapalasa bwato usiku wonse m'nyengo ya mwera, mapewa ali gwaa, apake ndithu, agone. Mayi amene wakhala tsiku lonse m'matope a mpunga, zidendene zili mang'a okhaokha, apake mafuta ake a kamfa, palibe womuletsa. Ngakhale kwa ana osinkhukirapo, kafukufuku wa a Ian Paul ku Pennsylvania m'chaka cha 2010, pa ana 138 a zaka 2 mpaka 11, adapeza kuti makolo amene adapaka ana awo pachifuwa adati anawo adagona bwinoko usiku umenewo. Ndalama za kafukufukuyo zidachokera ku kampani yopanga mafutawo, zimenezo musaiwale, komabe tiyeni tivomere: pa chimfine wamba, pachifuwa, kwa mwana wopitirira zaka ziwiri, amapepuza. Amatonthoza. Koma kutonthoza ndi kuchiza si amodzi, ngakhale mlezi wabwino amatonthoza mwana wodwala popanda kumuchiza.

Tsono imvani mbali imene kachitini sikanena mokweza. M'mwezi wa January 1934, dokotala wina wa ku Budapest, Ladislas Meduna, ankafuna njira yogwetsera dala odwala misala ngati akhunyu, pokhulupirira kuti akaphupha mutu uwongoka. Adafunafuna mankhwala odalirika ochitira zimenezo, ndipo amene adasankha n'kubaya nawo wodwala wake woyamba adali kamfa wosungunulira m'mafuta. Mwamva? Madokotala atafuna chinthu chogwetsa munthu wamkulu linjirinjiri, adatenga chinthu chomwecho chimene ife tikuvundulira mu tiyi wa mwana. Kamfa akalowa m'mimba sachedwa, amathamangira ku ubongo, ndipo mwana angathe kuyamba kusanza ndi kuphupha pasanathe ngakhale ola limodzi. Akatswiri a za poizoni ku Amereka amati mwana amene wameza kamfa woposa mamiligalamu 30 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake apite naye kuchipatala msanga. Tiyeni tiwerengere limodzi, si masamu ovuta. Mwana wa makilogalamu 10, ndiye kuti mamiligalamu 300. Mu Vicks kamfa alimo pafupifupi magawo 5 pa 100 aliwonse. Ndiye kuti magalamu 6 okha a mafutawo akwana, kumene kuli kungodzaza supuni yaing'ono ya tiyi mosefukira pang'ono. Ndipo ameneyo ndi Vicks. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 boma la Amereka lidaletsa kugulitsa mafuta a kamfa amphamvu amene adali ndi magawo 20 pa 100, ana atapwetekeka nawo kwa zaka zambiri, ndipo lidaika malire akuti mankhwala ogula pasitolo asapyole magawo 11. N'chifukwa chake Tiger Balm wa ku Amereka ali ndi magawo 11, pomwe wa m'maiko ena a ku Asia amafika 25. Dzina limodzi, nyalugwe yemweyo pachivundikiro, mphamvu zosiyana. Nanga kachitini kofiira kamene mudagula pa Malangalanga kali ndi magawo angati? Safunsa adadya phula.

Apa ndiye pamene Nkhotakota akundipweteka mtima. Kwina kulikonse mwana akagwa linjirinjiri mwadzidzidzi, anthu angafunse kuti wameza chiyani. Kunyanja funso limenelo silibwera, chifukwa aliyense ali nalo kale yankho: malungo. Ndipo sakulakwa kuganiza choncho. Pakati pa nyanja, dziwe la Chia, mitsinje ya Bua, Kaombe ndi Dwangwa, madimba a mpunga ndi minda ya nzimbe, udzudzu kumeneko uli ngati pakwawo. Si mwangozi kuti ntchito yopopera mankhwala a udzudzu m'nyumba, itayamba ndi thandizo la boma la Amereka m'chaka cha 2007, idayambira boma la Nkhotakota. Madokotala athu amawadziwa malungo a mu ubongo kuposa madokotala a maiko ambiri. Njira imene dziko lonse limayezera kukomoka kwa mwana wa malungo idapangidwira pa Queen Elizabeth ndi a Malcolm Molyneux ndi a Terrie Taylor m'chaka cha 1989, ndipo imatchedwa ndi dzina la Blantyre. Tsono taganizani mwana amene watentha thupi, wanyambititsidwa mafuta madzulo, wakomoka usiku. Akafika naye kuchipatala amuyeza magazi, ndipo poti kumeneko ana ambiri amayenda ndi tizilombo ta malungo m'magazi, tipezeka. M'kaundula alemba malungo. Adokotala akafunsa kuti, "Mayi, mwamupatsa mankhwala anji kunyumba?" mayi ayankha moona mtima kuti palibe, pakuti kwa iye Vicks si mankhwala omwe akufunsawo, ndi mafuta chabe amene adabweretsa achimwene a ku Lilongwe. Kachitini katuluka m'bwalo la milandu kosazengedwa n'komwe.

Koma nditi ndinene chimene ndikuchiopa kwambiri, si poizoni ayi. Ndi nthawi. Kachitini kamaba maola. Malungo mwa mwana amafuna kuti ayezedwe magazi ndi kuyamba mankhwala pasanathe maola 24 chitenthereni thupi. Kuyezako ndi kwa mphindi 15 kapena 20, kadontho kamodzi ka pachala. Mankhwala a LA, amene dziko lino lidayamba kugwiritsa ntchito m'chaka cha 2007 Fansidar atafooka, amagwira bwino akafika msanga. Chibayo nachonso chili ndi chizindikiro chimene mayi aliyense angaone popanda makina: mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akamapuma ka 50 kapena kuposa pa mphindi imodzi, wa chaka chimodzi mpaka zisanu ka 40 kapena kuposa, kaya pansi pa nthiti pakamalowa m'kati popuma, ameneyo si wopaka mafuta, ngwonyamula. Koma chimachitika n'chiyani? Lolemba mwana watentha, tamupaka, wagona. Lachiwiri akutsokomola, tamupakanso, nyumba yonse ikununkhira ngati chipatala, mitima yakhala pansi. Lachitatu wasiya kuyamwa. Lachinayi ndiye tikufuna kabaza pakati pa usiku, msewu wa M5 uli kutali, matope ali m'mawondo. Fungo lija lidagwira ntchito yake bwino lomwe, lidatonthoza akulu pamene matenda ankadya mwana. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Za kupaka m'mphuno za khanda ndingodutsapo mwachangu. Pa kabotolo pomwepo padalembedwa kuti asapakidwe mwana wosakwana zaka ziwiri ndiponso asalowe m'mphuno. M'chaka cha 2009 a Bruce Rubin a ku Wake Forest adafalitsa nkhani ya mwana wa miyezi 18 amene adafika kuchipatala akubanika atapakidwa kunsi kwa mphuno, ndipo atayesa pa nyama adapeza kuti mafutawo amachulukitsa mamina m'njira ya mpweya. Njira ya mpweya ya khanda ndi yopapatiza ngati bango. Mamina pang'ono atseka.

Tibwerere ku timibulu toyera tija, chifukwa apa ndiye pali chinyengo chachikulu. Timibulu tambiri togulitsidwa m'misika kuti tithamangitse mphemvu ndi njenjete si kamfa konse, ngakhale timaoneka ndi kununkha mofananako. Ndi naphthalene, mankhwala ochokera ku phula la malasha ndi mafuta a pansi. Ku Ghana ndi ku Nigeria anthu amangotitchula kuti camphor, ndipo ofufuza ku Accra adapeza anthu ena akutiponya m'madzi akumwa ati madziwo ayere. Maiko a mu European Union adatiletsa m'chaka cha 2008. Vuto lake ndi ili: pali anthu, makamaka ana aamuna, amene amabadwa ndi magazi operewera kanthu kena kotchedwa G6PD. Chibadwa chimenechi n'chofala m'madera a malungo, kuphatikizapo dziko lathu lino, ndipo mwini wake sadziwa kuti ali nacho mpaka tsiku la tsoka. Mwana wotere akakumana ndi naphthalene maselo ofiira a magazi ake amasweka. Safunika kumeza ayi. Zovala ndi matewera amene akhala miyezi m'sutikesi ya timibulu ndi okwanira, pakuti mankhwalawo amalowa popuma ndi pakhungu. Khanda limachita chikasu, mkodzo umada, magazi amatha, ndipo chikasu chikakwera ku ubongo mwana angathe kulumala moyo wake wonse kapena kutisiya. Tsono ndani amatumiza kumudzi sutikesi ya zovala za khanda zosungidwa bwinobwino ndi timibulu kuti mphemvu zisadye? Si sing'anga. Ndi azakhali a ku Namiwawa, mwachikondi chonse. Amene akufuna kudziwa chimene ali nacho m'nyumba atenge kapu ya madzi aponyemo kambulu kamodzi, kutali ndi ana: kamfa weniweni amayandama, naphthalene amamira. Koma kaya kayandama kaya kamira, pafupi ndi khanda pasapezeke chilichonse mwa ziwirizi, ndipo zovala zotere zichapidwe ndi kuyanikidwa padzuwa zisanakhudze thupi lake.

Amene akuganizabe kuti ndikunamizira anthu a m'tauni akumbuke mwezi wa January 2021, pamene Covid idatenga nduna ziwiri za boma tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama. Mantha adagwira aliyense, ndipo mantha si mlandu. Koma malangizo a kufukiza adachokera kuti? Adatsika kuchokera m'matauni pa WhatsApp, kuchoka kwa anthu a madigiri, kupita kwa abale a kumudzi: wiritsani masamba a bulugamu, ponyanimo supuni ya Vicks, fundani bulangete. Mitengo ya bulugamu idasadzulidwa mpaka kutsala mitu. Ku India nako chaka chomwecho udafala uthenga wakuti kununkhiza kamfa womangidwa pakansalu kumakweza mpweya wabwino m'magazi, bodza lamkunkhuniza limene madokotala adalitsutsa. Nthunzi sipha kachilombo kamene kalowa kale m'thupi. Chimene beseni la madzi owira pansi pa bulangete limachita mosakayikitsa ndi kuwotcha ana. Madokotala a chipatala cha ana ku Birmingham adalemba mu The Lancet m'chaka cha 2020 kuti ana opsa ndi madzi ofukizira adachuluka modabwitsa m'miyezi ya mliriwo. Ngati zidatero ku Mangalande, m'nyumba za matebulo ndi magetsi, nanji m'kanyumba ka udzu ku Benga kumene beseni lili pansi, nyali ndi koloboyi, ndipo ana atatu akukwawa pomwepo?

Ndikudziwa chimene ena mukung'ung'udza, ndipo n'chomveka. Mukuti, iwe wolemba, ukulankhula ngati chipatala chili kuseri kwa nyumba. Mukuti ku chipatala cha boma ungayende mtunda wonsewo n'kukauzidwa kuti mankhwala atha, kagule. Mukuti ku St Anne's, chipatala cha mishoni ya Anglican, n'kolipira, ndipo usipa sudaphedwe sabata ino. Mukuti mayi amene alibe china chilichonse m'manja usiku, umuletse ngakhale kupaka mwana wake kamafuta, ndiye achite chiyani, angomuyang'ana? Zoona zimenezo, ndipo mayi ameneyo ine sindimuloza chala ngakhale pang'ono. Iye akuchita chimene mayi aliyense angachite ndi chimene wapatsidwa. Mlandu wa chipatala chakutali ndi mashelefu opanda kanthu ndi wa boma, ndipo tidzauzenga tsiku lake. Koma kusowa kwa mankhwala kuchipatala sikusandutsa kamfa kukhala mankhwala a malungo. Ndipo inu amene mukudandaula m'malo mwa mayiyo, ndinu nomwe mudasankha chomuika m'manja. Ndalama mudagulira timachitini tinayi ija ikadakhala ya kabaza, yomangidwa pakansalu, yosakhudzidwa mpaka tsiku limene mwana watentha. Mukadafunsa kuti mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo ndi ndani ndipo kachipatala ka m'mudzi ka ana osakwana zaka zisanu kamatsegulidwa liti. Mukadaona ngati neti yapachikidwa pamphasa ya ana kapena yapita kukakokera usipa. Zimenezi sizinunkhira, n'chifukwa chake sitizikonda. Palibe amene amakuthokoza pagulu chifukwa cha ndalama ya kabaza.

Mlandu womaliza, umene ndi woyenera tsamba lino la zolembalemba, ndi wa chilankhulo. Opanga mafutawa adzati ife tidachenjeza, ndipo sakunama. Tengani kabotolo, tembenuzani, yang'anitsitsani ngati maso anu akadali akuthwa. Chenjezo lilipo, m'timalemba tating'ono ngati mazira a nsabwe, m'Chingerezi, mwina ndi Chiafrikaans, Chipwitikizi, Chifalansa kapena Chihindi, malinga ndi kumene katunduyo wadzera. Funani Chichewa. Funani Chiyao, Chitonga cha ku Dwambazi, kapena Chitumbuka. Boma la Nkhotakota lokha, pa kalembera wa 2018, lidali ndi anthu oposa 390,000. Ndi angati mwa amayi a kumeneko amene angamasulire mawu a Chingerezi cha madokotala pa kuwala kwa tochi ya foni? Chenjezo limene wolandira sangaliwerenge limateteza kampani kubwalo la milandu, mwana ayi.

Chichewa chidalengezedwa kukhala chilankhulo cha fuko m'chaka cha 1968. Tidakhala ndi Chichewa Board kuyambira 1972, anthu akukangana pa wailesi za malo oyenera a kankhodolera ndi mpatuliro wa mawu, kenaka m'chaka cha 1996 padabwera Centre for Language Studies ku Zomba. Zaka zonsezi, alakatuli akulira m'ndime zawo kuti chilankhulo chathu chikufa, koma palibe amene adaona kuti pa kachitini kamene kali m'nyumba iliyonse palibe liwu limodzi la chilankhulocho. Ndipo asatiuze kuti n'zosatheka. Chishango chitabwera m'chaka cha 1994 chidabwera ndi dzina la Chichewa ndi uthenga wa Chichewa, chifukwa eni ake ankafuna kuti anthu amve. Makampani a mafoni akafuna ndalama zathu amalankhula Chichewa chokoma kuposa cha agogo. Andale nawo pa kampeni saphonya mwambi. Chichewa chimapezeka nthawi zonse pamene wina akufuna kutitengera kanthu. Chimasowa pokhapokha pamene tikufunika kuchenjezedwa.

Tili ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, limene lamulo la 2019 lidalipatsa udindo woyang'anira mankhwala m'malo mwa bodi yakale ija. Tili ndi Malawi Bureau of Standards kuyambira 1972. Tili ndi aphungu ochokera kunyanja amene amadziwa njira ya ku maliro a ana kuposa ine. Chimene ndikupempha si nyumba ya nsanjika kapena ulendo wa kunja wokaphunzira. Ndi lamulo lakuti chilichonse chokhala ndi kamfa chisalowe m'sitolo kapena pa benchi ya msika popanda kapepala komata ka m'chilankhulo chathu, konena kuchuluka kwa kamfa amene alimo, ndiponso kuti timibulu ta naphthalene tichoke pamsika monga adachitira anzathu ku Ulaya. Mawu a pakapepalapo ndawalemba kale, ndipo sindilipiritsa: "Osamwa, osanyambita. Osapaka m'mphuno, m'maso kapena pachilonda. Osapaka mwana wosakwana zaka ziwiri. Sachiza malungo kapena chibayo. Mwana akameza, musamusanzitse; thamangani naye kuchipatala pamodzi ndi kachitinika." Akwana pachivundikiro. A wailesi ya Nkhotakota Community Radio angawawerenge m'masekondi 20, pakati pa uthenga wa maliro ndi nyimbo. Ngati abwana a m'maofesi akuti vuto ndi womasulira m'Chiyao ndi m'Chitonga, alembere mkonzi wa tsamba lino; alembi amene amatumiza ndakatulo kuno sabata ndi sabata osalandira ngakhale tambala aliko ambiri, ndipo ntchitoyo aimaliza Loweruka lisanafike.